Sitima za Boma za pa Nkhondo ya Ajeremani: Kodi Zinathera Kuti?



Nkhani ya ulendo uno yabadwa ndi funso la wophunzira. M'kalasi ina ya kufupi kuno ankaphunzira chilembo cha S, ndipo mphunzitsi analemba pa bolodi mawu atatu: sopo, sefa, sitima. Bambo wina wachikulire, wa imvi mbuu, atawerenga mawu achitatuwo anaika pensulo pansi nati: "Aphunzitsi, agogo anga anakwerapo sitima pa nkhondo ya Ajeremani. Anawagwira ku Ntcheu kumene anapita kukaona abale, nawatengera ku mtengatenga. Ankatiuza kuti anagona m'sitima yokhala ndi tchalitchi m'kati mwake. Kodi sitima imeneyo inathera kuti?" Mphunzitsi uja anangoti kakasi, ndipo funsolo anadza nalo kwa ine.

Ndaona kuti ndiyankhire pano, chifukwa funso lotere likhoza kudzukanso m'kalasi mwanu. Ife a ku Angónia ndife anthu a kumapiri, bwato sitilidziwa, koma nyanja siili kutali monga timaganizira. Munthu akadutsa pa Dedza natsetsereka kunka ku Golomoti, wafika kale m'chigwa cha kunyanja. Makolo athu ambiri anaitsika njira imeneyo, ena mwa kufuna kwawo, ena mokakamizidwa.

Musanayambe kulondola mbiri ya sitima iliyonse, gwirani mfundo iyi: sitima imasintha dzina. Boma likailanda kapena kuigula, limafafaniza dzina lakale pamphuno pake ndi kulembapo lina. Choncho munthu akhoza kuyesa kuti akumva za sitima zitatu, pamene chitsulo chake ndi chimodzi chomwecho. Mudzaonanso kuti sitima zambiri zimene maboma anagwiritsa ntchito pa nkhondo sizinafere pa nkhondopo ayi. Zinapulumuka mizinga, nkudzatha m'masiku a mtendere.

Sitima ziwiri ndi makaputeni awiri

Pamene nkhondo inabuka ku Ulaya mu Ogasiti 1914, nyanja yathu, imene a ku Malawi amati nyanja ya Malawi ndipo m'mabuku a Chipwitikizi imalembedwa Lago Niassa, inali m'manja mwa maboma atatu. Angerezi anali kumadzulo ndi kumwera, Ajeremani kumpoto chakum'mawa m'dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo gombe la Metangula ndi Cóbuè linali la Apwitikizi kudzera mwa kampani ya Companhia do Niassa. Nyanjayo kutalika kwake ndi makilomita oposa 550, ndipo msewu wa galimoto wonka kumpoto kunalibe. Amene anali ndi sitima ndiye anali ndi njira.

Ajeremani anali ndi sitima yotchedwa Hermann von Wissmann. Inapangidwa ku Hamburg mu 1890 ndi ndalama zimene anthu anasonkha ati kuti ikalimbane ndi malonda a akapolo. Inabwera zidutswazidutswa kudzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja mu 1893. Kuyambira pamenepo inali ya boma la Ajeremani, yonyamula katundu, makalata ndi anthu. Angerezi nawo anali ndi Guendolen, sitima ya boma la Nyasaland, yolemera matani oposa 300, imene anailumikiza ku Fort Johnston, kumene lero ndi Mangochi, naiika m'madzi mu 1899. Dzinalo ndi la mwana wamkazi wa Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Angerezi ya masiku amenewo. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali yofanana ndi ya inzake ija: mitolo ya nsalu, matumba a mchere, akalaliki a boma osamutsidwa. Zonse ziwiri zinkayenda ndi moto wa nkhuni, ndipo m'madoko munkakhala milu ya nkhuni zodulidwa ndi anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja.

Makaputeni a sitima ziwirizi, Rhoades wa Guendolen ndi Berndt wa Wissmann, anali pa chibwenzi, anthu omwera limodzi. Tsono uthenga wa nkhondo unafika ku Zomba msanga pa lamya, pamene Berndt anali asanamve kanthu. Pakati pa Ogasiti 1914 Rhoades anatumidwa kukasaka mnzakeyo, ndipo anapeza Wissmann itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe pa doko la Sphinxhafen, limene lero ndi Liuli. Anaiwombera ndi mzinga waung'ono wa mtundu wa Hotchkiss umene unali kutsogolo kwa Guendolen. Amene analemba za tsikulo amati Berndt anapalasa kabwato kudza kwa mnzakeyo ali wolusa, kumufunsa ngati waledzera. Pomwepo ndi pamene anauzidwa kuti kunja kuli nkhondo ndipo iye wagwidwa. Angerezi anachotsa mfuti ndi zitsulo zina za injini, nabwerera. Ku London nyuzipepala zinalengeza kuti apambana nkhondo ya pa madzi, ndipo ambiri amaiwerenga ngati nkhondo ya pa madzi yoyamba ya nkhondo yonse ija.

Nkhani imeneyi imaseketsa, ndipo azungu amakonda kuikamba moseka. Ine ndikaiwerenga kuseka kumathera panjira, chifukwa cha zimene zinatsatira. Pa 30 Meyi 1915 Angerezi anabwereranso ku Liuli ndi asilikali, naiphulitsa Wissmann kuti Ajeremani asaikonzenso. Kuyambira pamenepo nyanja yonse inakhala msewu wa Angerezi okha. Katundu wa nkhondo ankalowera pa Chinde, nakwera Zambezi ndi Shire, napita pa njanji mpaka Blantyre, kenaka ku Fort Johnston, ndipo apo sitima zinkamutengera ku Karonga ndi m'madoko a kumpoto. Mu 1916 mkulu wa asilikali Northey analowa m'dziko la Ajeremani podalira njira imeneyi. Koma sitima imathera pa doko. Kuchoka pa doko kunka kumene kunali kulira mfuti, thumba lililonse la ufa ndi bokosi lililonse la zipolopolo linkayenda pamutu pa munthu. Ku Nyasaland kokha amuna pafupifupi 200,000 anagwira mtengatenga m'zaka za nkhondoyo, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo. Sitima zomwezo zimene zinanyamula ufa ndizo zinanyamulanso anthu oti akausenze.

Sitima ya tchalitchi m'kati

Guendolen payokha sikanaitha ntchito yonseyo, choncho boma linatenga sitima za ena. Linatenga Queen Victoria ya kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa ndi dzina la Mandala. Linatenganso Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya Anglican ya UMCA ya ku Likoma. Bambo a m'kalasi muja, sitima ya agogo anu ndi imeneyi.

Dzina lake ndi la bishopu Chauncy Maples, amene anamira pa nyanja yomweyo mu 1895. Inapangidwa ku Glasgow mu 1899, ndipo inatumizidwa m'zidutswa 3,481. Chidutswa chimodzi chokha sichikanatheka kuchigawa, ndicho boyila, mphika waukulu wachitsulo wowiritsiramo madzi kuti nthunzi iyendetse injini. Kulemera kwake kunali matani 11. Pa mathithi a Shire, pamene bwato silingadutse, mphikawo unaikidwa pa ngolo nukokedwa pamtunda ndi amuna a Chingoni okwana 450. Atsogoleri a makalasi, imani pamenepa pang'ono ndi ophunzira anu. Angoni amenewo ndi a mtundu womwewo wa kuno, pakuti malire amene anadula dziko la a Maseko pakati, ena ku Ntcheu ndi Dedza ena ku Angónia, anali atangolembedwa kumene mu 1891. Sitimayo inaikidwa m'madzi mu Juni 1901. M'kati mwake munali malo opemphereramo, malo ophunziriramo ndi malo oonera odwala, ndipo inkayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo ya mbali yathu ya Niassa. Pa nkhondo m'malo mwa ana a sukulu munalowa asilikali ndi amtengatenga. Za mathero ake ndinena kumapeto, chifukwa inakhalitsa kuposa zinzake zonse.

Wissmann ija, yowomberedwa kawiri, sinafe. Angerezi atalanda Liuli mu 1916 anaikonza, naipatsa dzina la mfumu yawo, King George, ndipo inayamba kunyamula katundu wa nkhondo yolimbana ndi eni ake omwe. Nkhondo itatha inagulitsidwa kwa amalonda niyendabe pa nyanja zaka zambiri. Zotere zinachitikanso pa nyanja ya Tanganyika, kumene Ajeremani anamiza dala sitima yawo ya Graf von Goetzen mu 1916 pothawa, koma Angerezi anaivuula, ndipo mu 1927 inayambanso kuyenda ndi dzina la Liemba mpaka kulowa m'zaka za m'ma 2000.

Guendolen, yopambanayo, inabwerera ku ntchito yake ya nsalu ndi mchere. Itakalamba inaphwasulidwa ku Fort Johnston mu 1944. Chimene chinasungidwa ndi mzinga uja, umene unaikidwa ku Mangochi pafupi ndi chipilala cha wotchi, m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Ndinauona ndi maso anga pa ulendo wina, ndipo ndinadabwa kuchepa kwake.

Nanga boma limene linkatilamulira ife?

Tsopano tichoke pa nyanja ya madzi ozizira tipite ku nyanja ya mchere, chifukwa kumeneko kuli nkhani imene inakhudza Angónia mwa njira ina. Pamene nkhondo inayamba, dziko la Portugal silinalowe nawo poyera. Sitima zamalonda za Ajeremani zimene zinali pa ulendo zinathawira m'madoko a Apwitikizi poopa Angerezi, ndipo zinaima m'menemo chaka ndi theka, ku Lisboa, ku zisumbu za Açores, ku Angola, ndi kwathu kuno ku Lourenço Marques, ku Beira ndi ku Ilha de Moçambique. Angerezi, amene sitima zawo zinali kumizidwa mwezi ndi mwezi, anapempha Portugal kuti azilande. Pa 23 Febuluwale 1916 boma la Portugal linayamba ndi za pa doko la Lisboa, ndipo pamodzi ndi za m'madoko ena zinakwana 72. Yankho la Ajeremani silinachedwe: pa 9 Malichi 1916 analengeza nkhondo ndi Portugal.

Taonani tsono m'mene chinthu chochitika kutali chimafikira pakhomo. Chifukwa cha sitima zimenezo Mozambique analowa m'nkhondo. Apwitikizi analanda Quionga mu Epulo 1916, nayamba kufuna asilikali ndi amtengatenga ambirimbiri a ku mtsinje wa Rovuma. Kugwira anthu mokakamiza, pamodzi ndi chibalo cha pa msewu wodutsa m'dziko la Báruè, ndiko kunautsa nkhondo ya Makombe mu Malichi 1917, imene inafalikira m'chigwa cha Zambezi mpaka ku Zumbo. Pano tisabise mawu: kuti agonjetse oukirawo, Apwitikizi anadalira kwambiri ankhondo a Chingoni zikwizikwi, ndipo ambiri a iwo anachokera kuno kwathu. Mu Novembala 1917 mkulu wa asilikali a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anawoloka Rovuma pa Negomano nalowa m'dziko lino, ndipo mu 1918 sitima za pa nyanja zija zinatsitsa asilikali a Angerezi pa Metangula kuti amulondole. Nkhani ziwirizi, ya ku Liuli ndi ya ku Lisboa, zinakumana pa doko limenelo.

Sitima zolandidwazo zonse zinabatizidwa mwatsopano, ndikhululukireni mawuwo, ndipo za kuno zinapatsidwa maina a malo a dziko lino. Admiral, sitima ya anthu apaulendo ya kampani ya Deutsche Ost-Afrika Linie, inasanduka Lourenço Marques. Kronprinz inasanduka Quelimane, nikhala chipatala choyandama cha asilikali odwala. Zieten, imene inaima pa Ilha de Moçambique, inatchedwa Tungue, dzina la gombe la kufupi ndi Palma ku Cabo Delgado. Zoposa theka la sitima 72 zija zinabwereketsedwa kwa Angerezi, ndipo mwa zimenezo ndi m'mene munafa zambiri. Tungue inamizidwa mu Novembala 1917 pa nyanja ya Mediterranean, kufupi ndi Port Said, ndi sitima yoyenda pansi pa madzi ya Ajeremani. Tangoganizani, amisiri a ku Jeremani anaipanga, asilikali a ku Jeremani nkuimiza, itavala dzina la ku Cabo Delgado.

Zotsalazo boma linaziika m'manja mwa bungwe lake lotchedwa Transportes Marítimos do Estado. Apa ndi pamene mtendere unachita zimene nkhondo inalephera. Nkhondo itatha sitima zinachuluka pa dziko lonse, mitengo yonyamulira katundu inagwa, ndipo bungwelo linamira m'ngongole. Ku nyumba ya malamulo ku Lisboa kunali phokoso la milandu ya kusakaza ndi kuba, sitima zina zitangoima pa doko kuchita dzimbiri. Inu amene munaonapo thirakitala ya gulu itaima pa udzu chifukwa palibe woti ndi mwini wake, mukudziwa m'mene zimakhalira. M'zaka za m'ma 1920 boma linathetsa bungwelo niligulitsa sitimazo kwa makampani. Lourenço Marques inapita ku Companhia Nacional de Navegação, ndipo m'manja mwa kampaniyo inayendabe pakati pa Lisboa ndi Afirika mpaka cha m'ma 1950.

Imodzi mwa 72 zija ndiyo ndimaikonda pophunzitsa, chifukwa inavala maina asanu. Inali sitima ya matanga, yoyenda ndi mphepo, yopangidwa mu 1896 ndi dzina la Rickmer Rickmers. Mu 1912 inagulitsidwa nitchedwa Max. Italandidwa pa doko la Horta ku Açores mu 1916 inakhala Flores. M'zaka za m'ma 1920 asilikali a pa madzi a Portugal anaitenga kuti aziphunzitsiramo anyamata awo, naitcha Sagres, ndipo inagwira ntchito imeneyo mpaka 1962. Kenaka inasanduka nkhokwe yoyandama yotchedwa Santo André. Mu 1983 anthu a ku Hamburg anaitenga, naikonza, naibwezera dzina lake loyamba kuti ikhale nyumba yoonetseramo zakale. Lembani maina asanuwo pa bolodi ndi zaka zake, muuze ophunzira awerengere kuti dzina lililonse linakhala zaka zingati. Ndi phunziro la kuwerenga ndi masamu pamodzi.

Vipya

Tibwerere ku nyanja yathu. Sindingatseke nkhani ya sitima osatchula Vipya, ngakhale iyo ndi ya nkhondo yachiwiri ya 1939 mpaka 1945 ndipo sinamve kulira kwa mfuti ndi kamodzi komwe. Pofika nthawi imeneyo boma la Nyasaland linali litapereka ntchito ya sitima za pa nyanja kwa kampani ya njanji ya Nyasaland Railways. Sitima zakale zinali zitatopa, ndipo Vipya inapangidwa ku Glasgow nkhondo ili m'kati, nilumikizidwa kunyanja kuno mu 1944. Inayamba kunyamula anthu pakati pa chaka cha 1946. Pa 30 Julayi 1946, pa ulendo wake wachinayi wokha, ikuwoloka kuchokera ku Mbamba Bay, inakumana ndi mwera, mphepo ya kumwera imene asodzi onse amaiopa m'miyezi yozizira. Inagudubuzika nimira kufupi ndi Florence Bay, kumene lero ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Olemba za ngoziyi amatchula zinthu ziwiri: sitimayo inali yolemera kumwamba, ndipo kaputeni anapitiriza ulendo nyanja itakwiya. Wissmann ya mu 1890 inapirira mizinga kawiri, koma Vipya yatsopano sinathe ndi miyezi iwiri yomwe. Chikumbutso cha omwalirawo chinaikidwa ku Mangochi, pafupi pomwepo ndi mzinga wa Guendolen. M'malo mwa Vipya munabwera Ilala, imene zidutswa zake zinalowera pa Beira nizikwera njanji mpaka Chipoka, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Imeneyo ambiri a inu amene munakhalako ku Malawi m'zaka za kuthawa nkhondo munaimva, ena munaikwera.

Yankho kwa bambo a m'kalasi

Chauncy Maples inabwezedwa kwa a mishoni nkhondo ya Ajeremani itatha, ndipo inayendanso m'midzi ya m'mbali mwa nyanja zaka zoposa makumi atatu. Mu 1953 a mishoni anaigulitsa, ndipo inasandutsidwa sitima ya usodzi. Mu 1967, Malawi atalandira kale ufulu, inakonzedwanso kuti izinyamula anthu ndi katundu. Injini ya nthunzi inachotsedwa, nkuikamo ya dizilo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 inaimikidwa pa doko la Monkey Bay. Cha m'ma 2009 anthu ena a ku England anayamba kusonkha ndalama kuti aisandutse chipatala choyendera midzi ya kunyanja, monga inalili pachiyambi, koma ntchitoyo inalekeka isanathe. Choncho bambo, sitima ya agogo anu sinamire ndipo sinawomberedwe. Inaona nkhondo ziwiri ndi maboma atatu, nikapumira pa Monkey Bay, ulendo wa tsiku limodzi kuchokera kuno.

Nditawafotokozera zimenezi bambo aja anakhala chete, kenaka anafunsa ngati dzina la agogo awo lingapezeke m'mabuku a sitimayo. Ndinawauza zoona, kuti mabuku amene ndawerenga amatchula zidutswa 3,481, matani 11 ndi maina a makaputeni, koma okoka mphika aja amangolembedwa kuti 450. Iwo anapempha mphunzitsi wawo kuti sabata yotsatira awathandize kulemba dzina la agogowo, mfunda wawo, mudzi wawo ndi doko limene ankati anatsikirapo. Analemba okha, mizere inayi, ndipo pepalalo lili kuno. Ngati m'makalasi mwanu muli ena amene makolo awo anapita ku mtengatenga, ku Rovuma kapena ku Báruè, aloleni alembe chimodzimodzi ndi dzanja lawo, ngakhale zilembo zikhale zokhota, ndipo mapepalawo mubwere nawo pa msonkhano wathu wa atsogoleri ukubwerawu.